Ngozi ya Mazira ndi Mlandu wa Mababu

Chaka chimene tinasamukira ku Chelstone ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Woodlands, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadzera ku Kabulonga pa kagalimoto kathu kotuwa kamene tinagula kwa munthu. Galimotoyo inali ya tonse awiri, ine ndi amuna anga, koma pakati pa sabata iwo ankatengedwa ndi basi ya kuntchito kwawo. Choncho Lolemba mpaka Lachisanu chiwongolero chinali changa, Loweruka ndi Lamlungu n'kukhala chawo. Ndinali nditayendetsa zaka zambiri osagundapo ngakhale nkhuku, ndipo ndinkanyadira zimenezo poyera.

Ngoziyo inachitika Lachiwiri lina mu Okutobala, dzuwa litayamba kale kubaya ngakhale kunali kudakali m'mawa. Nditatsala pang'ono kufika kusukulu, minibasi imene inali patsogolo panga inangoima pakati pa msewu chifukwa kondakitala anaona mayi wina atakweza dzanja. Sinapatuke, sinaonetse chizindikiro chilichonse. Ndinaponda mabuleki ndi mphamvu zanga zonse, galimoto n'kuima patangotsala kampata kolowa dzanja. Ndisanapume n'komwe ndinamva chiphokoso kumbuyo, mutu wanga n'kukamenya pa mpando. Mayi uja anakwera bwinobwino, kondakitala anasuzumira kumbuyo, anamenya chitseko kawiri, minibasi n'kumapita.

Amene anandigunda anali mdala wa imvi, ali pa vaneti, tigalimoto tija ta bokosi kumbuyo. Anali atapakira mathireyi a mazira kupita nawo kumagolosale a ku Chilenje. Mathireyi apamwamba anatsetserekera kutsogolo, ambiri n'kugwera m'mbali, ndipo pamene ndinkatsika, tala yense wa pamsewu anali wachikasu. Mdalayo sanandifunse ngati ndavulala. Anayang'ana mazira ake, manja ali pamutu, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ba mayo, motoka yanu ilibe malaiti. Mwaima chabe monga mwala."

Ndinamuyankha kuti ngakhale mwana wa mu giredi yoyamba amadziwa kuti wogunda kumbuyo ndiye wolakwa, ndipo za magetsi asandiuze, galimoto yanga ndimaidziwa.

Sipanathe mphindi zisanu bwalo la milandu linali litakhala kale pamsewupo. Kunabwera alonda a m'mipanda ya kumeneko, antchito a m'nyumba atanyamula tizikwama tawo, ndi bambo wina wogulitsa miphika ya maluwa pakona. Amene sanaone chilichonse ndiwo ankalankhula mokweza. Ena ankati tichotse magalimoto chifukwa tatseka njira, ena ankati tikangosuntha tayala limodzi mlandu wonse wafa. Kumbuyo kwathu mzere unatalika, mahutala akulira, ndipo aliyense wodutsa ankatsitsa galasi kuti atipatse maganizo ake. Anthu ena achifundo anayamba kuthandiza mdala uja kutola mazira osasweka, koma ndinaona kuti si onse amene ankabwerera m'thireyi.

Ndinaimbira amuna anga. Atamva kuti sindinavulale anandipatsa malamulo atatu: ndisasunthe galimoto, ndisavomere kanthu, ndisasayine pepala lililonse. Anati nkhaniyi ndi yosavuta, wa kumbuyo ndiye wolakwa, ndipo iwo sakanatha kubwera chifukwa anali ndi msonkhano.

Wapolisi anafika patatha pafupifupi maola awiri, atachita kupempha matola kwa munthu wina. Anali mayi wamfupi, wosafulumira pa chilichonse, atanyamula kathabwa kopanirapo mapepala, tepi yoyezera ndi choko. Ndinamuthamangira ndi nkhani yanga yonse imene ndinali nditaikonza bwino pa maola awiri aja. Anandidula ndisanamalize chiganizo choyamba.

"Muzakamba ku ofesi, amayi. Apa nifuna kuona msewu."

Anayamba ndi kuzunguliza choko pa tayala lililonse la magalimoto onse awiri. Kenako anasankha mtengo wa magetsi umene unali pambali, nati miyeso yonse iyambira pamenepo chifukwa magalimoto amachoka koma mtengowo ukhalapobe. Mutu wa tepi anapatsa mdala uja kuti agwire. Ine ndinakana. Ndinati munthu woimbidwa mlandu sangagwire tepi, akhoza kuisuntha. Wapolisiyo sanatsutse, anangolanda tepi n'kundipatsa ineyo. Ndiye ndinakhala nditanjuta pa mtengo wa magetsi padzuwa lonse lija, nsapato zanga za kusukulu zikumata mazira, pamene mdala anakakhala pamthunzi wa jakaranda akudzikupiza ndi thireyi.

Anayeza mizere yakuda imene matayala anasiya pa tala. Yanga inali iwiri, yaifupi, yooneka bwino. Ya vaneti inali itakwiririka ndi mazira ndi mapazi a anthu, ndipo anachita kupala ndi kamtengo kuti apeze poyambira pake, uku akudandaula kuti anthu a mu Lusaka amaponda umboni ngati akuponda dothi la njerwa. Anayang'ana pamene panagwera tizidutswa ta galasi lofiira la nyali yanga yakumbuyo, nati malo amene tagwera timeneti ndiwo amasonyeza pamene magalimoto anakumana, osati pamene aima. Zonsezo ankalemba pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya pakamwa.

Nditaona kuti watsala pang'ono kumaliza osafunsa za minibasi, ndinaiyambitsa ndekha. Anandifunsa nambala yake. Sindinaidziwe. Anandifunsa mtundu wake, ndipo mtunduwo unali wa minibasi iliyonse ya mu mzinda uno. Ndinati afunse anthu onsewa, anaona. Iye anatembenukira gulu lija, anakweza cholembera, napempha kuti amene anaona apereke dzina ndi nambala ya foni. Ndinali ndisanaonepo anthu akubalalika mwaulemu chotero. Antchito a m'nyumba anakumbukira kuti achedwa. Wa miphika anabwerera ku miphika yake. Mlonda amene kwa ola lathunthu ankafotokozera aliyense mmene ngozi inachitikira, akuchita kusonyeza ndi manja, anati iye nthawi imeneyo anali kuseri kwa mpanda.

"Motoka yamene kulibe siningaijambule," anatero wapolisi uja.

Chithunzi chimene anajambula papepala chinali timabokosi tiwiri, mivi, mtengo wa magetsi ndi manambala. Anati tisayine tonse awiri. Ndinamuuza kuti amuna anga andiletsa. Anandifotokozera mosatekeseka kuti kusayinako si kuvomera mlandu, ndi kungovomera kuti magalimoto anaima pamene anaimapo, ndipo ngati ndikuona kuti yanga inaima pena ndimusonyeze. Ndinasayina.

Ku polisi tinakhala pa benchi imodzi ndi mdala uja, aliyense akudikira kupereka sitetimenti yake. Ine ndinanena zanga, iye ananena zake, ndipo anabwereza katatu kuti magetsi anga a mabuleki sanayake. Wapolisi anati popeza nkhani ya magetsi yalowa m'pepala, magalimoto onse awiri atsala pabwalo la kuseri mpaka woyeza magalimoto adzawaone. Ndinati limeneli ndi bodza la munthu amene wasowa pothawira, ndipo si chilungamo kuti ine wogundidwa ndilandidwe galimoto chifukwa cha bodza. Iye anati ngati ndi bodza lioneka, n'kutseka faelo.

Woyeza magalimotoyo anali mmodzi koma malo oyendera ambiri. Ndinapitako Lachinayi, anati wapita ku ngozi ina. Ndinapitako Lolemba, anati anabwera m'mawa koma wabwerera. Masiku onsewo ndinkapita kusukulu pa minibasi ziwiri, yoyamba yokatsikira m'tauni, yachiwiri yochokera m'tauni kubwerera ku Woodlands, ndipo iliyonse inkaima pakati pa msewu ndendende ngati ija, ine ndili m'kati, chikwama cha makope a ana chili pamiyendo. Ndinkayang'anitsitsa nkhope za makondakitala kuti mwina ndimuzindikira uja, mpaka wina anandifunsa ngati tinadziwanapo. Kusukulu ahedi anasiya kundifunsa chifukwa chimene ndachedwera, ankangoyang'ana wotchi ya pakhoma ine ndikamadutsa.

Ndipo ulendo uliwonse wa ku polisi ndinkapeza mdala uja atakhala kale pa benchi, Baibulo lili pabondo. Ankandilonjera ngati m'bale wake, "Muli shani, ba mayo," n'kundisunthira malo. Ndinamva kuti ndi mkulu wa mpingo kwawo ku Kabwata. Aliyense wokhala naye pafupi ankamufotokozera za mazira ake ndi za mayi wa galimoto yopanda magetsi, ine ndili pomwepo. Tsiku lina anandiuza kuti akupemphera kuti choonadi chituluke. Ndinamuuza kuti nanenso ndimapemphera, ndipo tiona amene ayankhidwe.

Tsiku limene woyezayo anapezeka, amuna anga anapempha kutuluka msanga kuntchito kuti adzandiperekeze. Anavala jekete. Tili m'njira ankandilimbitsa mtima kuti anthu amenewa akaona mayi ali yekha amamupondereza, koma lero aona. Titafika anagwira woyezayo chanza mwamphamvu, namuuza kuti galimotoyi amaisamalira okha, Loweruka lililonse amaitsegula boneti, ndipo palibe kachitsulo kamene sakukadziwa.

Woyezayo anali bambo wowonda, wa ovolosi yakutha, magalasi ake omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anangogwedeza mutu n'kuyamba ndi vaneti. Anaponda mabuleki kangapo, anayang'ana mafuta ake, anagona pansi, anadzuka, kenako anayendetsa chala chachikulu pa matayala akutsogolo. Anali osalala ngati mutu wa mpala. Anafunsa mdala kuti anapakira mathireyi angati, n'kulemba. Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinayang'ana amuna anga, iwo n'kunditsinzinira diso.

Atafika pa yanga sanataye nthawi ndi buti yophwanyika ija. Anamasula nyali zakumbuyo n'kuzula timababu ta mabuleki. Ka kumanzere kanali koswekeratu galasi, ka kumanja kanali kathunthu. Anatulutsa m'thumba kagalasi kokulitsa zinthu, anakayang'ana koswekako nthawi yaitali, kenako anandiitana kuti ndione ndekha.

M'kati mwa babu muli kawaya kopotanapotana, ndipo iye anandifotokozera ngati mmene ine ndimafotokozera ana. Babu ikamayaka kawayako kamakhala kotentha ndi kofewa, moti galimoto ikagundidwa kamatamuka, mapotedwe ake n'kusokonekera. Galasi likasweka kali kotentha, mpweya ukangokakhudza kamada, ndipo nthawi zina tizidutswa ta galasi timasungunukira pomwepo. Koma kakagundidwa kali kozizira kamangothyoka ngati udzu wouma, n'kukhala kowala. Ndinayang'ana pa kagalasi kaja. Kanga kanali kowala ngati singano yatsopano, mapotedwe ali m'malo mwake, kothyoka mbali imodzi.

"Iyi babu inali yozizira, amayi. Siinayake."

Ndinamuuza kuti ine mabuleki ndinaponda, ndipo ndinaponda mpaka bondo linandipweteka masiku atatu. Anati zimenezo sakutsutsa, mizere ya matayala anga ili m'pepala la wapolisi ndipo ikundichitira umboni. Phazi linagwira ntchito yake, magetsi ndiwo sanagwire. Amuna anga analowererapo kuti mwina ngoziyo ndiyo inadula waya. Woyezayo anati n'zotheka, tione. Anatenga kababu kathunthu kaja n'kukagunditsa ku batire ndi tiwaya tiwiri, kanayaka bwinobwino. Anakabwezera m'malo mwake, anandiuza kuti ndiyatse galimoto ndi kuponda mabuleki. Ndinaponda. Mdala uja, amene anali atazungulira kale kumbuyo popanda womuitana, analengeza kuti palibe chayaka.

Woyezayo anatsatira mawaya a m'buti ndi dzanja, anawapeza onse ali olumikizika. Kenako anandipempha kuti nditsike, anagwada pakhomo la dalaivala n'kutsegula kabokosi kali pansi pa chiwongolero, kamene ine sindinkadziwa n'komwe kuti kaliko. M'menemo mumakhala mafyuzi, tinthu ting'onoting'ono ta mitundumitundu timene magetsi a chinthu chilichonse cha m'galimoto amadzeramo. Analoza kabowo kamodzi kopanda kanthu, nati apa ndi pa magetsi a mabuleki. Anapitirira ndi chala mpaka anaima pa fyuzi ina, nati apa ndi pa wailesi, koma imene ilipoyi mtundu wake si wa pamenepa. Anati ngozi siizula fyuzi pamalo pake n'kukaibzala pa wailesi. Anakweza mutu n'kufunsa kuti ndani amakonda kutsegula kabokosi aka.

Ndinatembenuka kuyang'ana amuna anga, ndinawapeza akuyang'ana nsapato zawo.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, ngati munga wa kuphazi. Loweruka lina, masabata atatu ngozi isanachitike, anapita ku Kamwala kukagula penti. Ali pamzere wa magalimoto, mpira utangoyamba, wailesi inazima. Anatsegula kabokosiko, anapeza fyuzi ya wailesi itapsa, ndiye anazula ina imene iwo ankaganiza kuti ndi ya kanyali ka kudenga. Anati ankafuna kugula yatsopano tsiku lomwelo, koma timu yawo inagonja, anaiwala.

Masabata atatu. Ndinayamba kukumbukira zinthu zimene panthawiyo sindinazimvetse: mahutala amene ankalira kumbuyo kwanga pa maroboti, dalaivala wa lole amene ananditukwana pamsewu waukulu wa ku Chelstone ine n'kumati ndi mwano chabe. Masabata atatu, madzulo ena ndikunyamula ana athu awiri pampando wakumbuyo. Ndinaleredwa kuti mwamuna sumukalipira pagulu, koma makiyi amene ndinali nawo m'manja anandisiyira chidindo pachikhatho.

Mdala uja anakweza Baibulo lake m'mwamba. "Ninakamba ine, ba mayo. Ninakamba."

Mawa lake wapolisi anatiitana tonse kuti atiuze mmene waionera nkhani. Anayala patebulo chithunzi chake chija ndi pepala la woyeza. Anati amene anayambitsa zonse ndi wa minibasi, zimenezo akuzikhulupirira, koma palibe nambala, palibe mboni, ndiye m'faelo mulibe. Mdala anali kunditsatira pafupi kwambiri, ndi katundu wolemera, pa matayala akutha, ndipo mizere yake ikusonyeza kuti anachedwa kuponda mabuleki. Ine ndinkayendetsa galimoto yopanda magetsi a mabuleki. Magetsi akanayaka, mwina mdala akanaima msanga. Mdala akanasiya mpata wokwanira, akanaima ngakhale popanda magetsi. Choncho aliyense ali ndi mlandu wake ndi chindapusa chake.

Mdalayo anali atabwera atavala suti, akuyembekeza kumva kuti wayera. Anatsutsa nthawi yaitali, kuyambira m'Chinyanja n'kukathera m'Chibemba, koma wapolisi ankangomulozera manambala a pa chithunzi chimene iye mwini anasayina. Atatopa inafika nthawi yanga. Ndinati ndavomera kuti magetsi sanayake, koma amene anazula fyuzi akudziwika, anavomera yekha pamaso pa woyeza, ndipo ndi awa akhala apawa. Alembe dzina lawo.

"Pa chiwongolero panali ndani?"

Ndinati panali ine. Anati basi, lamulo limadziwa amene akuyendetsa, ndipo dalaivala aliyense amayenera kuona ngati magetsi ake akuyaka asananyamuke. Ndinamufunsa kuti munthu mmodzi angaponde bwanji mabuleki n'kukhalanso kumbuyo akuona magetsi. Ndinamufunsanso ngati iyeyo amachita zimenezo m'mawa uliwonse. Anati iye alibe galimoto.

Amuna anga anayesa kuchita chamuna. Anaimirira nati iwo ndi okonzeka kulemba sitetimenti yovomera zonse. Wapolisi anawapatsa pepala ndi cholembera, nati alembe ngati mtima wawo ukufuna, aika m'faelo, koma sizisintha kanthu. Analemba masamba awiri. Chindapusa analipira iwo, koma pa lisiti panalembedwa dzina langa, ndipo ku inshuwalansi nako dzina limene linalowa m'mabuku awo ndi langa lomwelo.

Tikutuluka, mdala uja anandipeza pageti. Mkwiyo wake unali utasamukira kwa wapolisi, ndipo ankafuna kuti ine ndigwirizane naye kuti mayi ameneyu sadziwa ntchito. Ndinamuuza kuti ntchito amaidziwa, ndipo chimenecho ndicho chikundinyansa. Anandiyang'ana osamvetsa, anandidalitsa, n'kupita kukafunafuna matayala.

Kunyumba ndinakhala masiku anayi ndikulankhula ndi amuna anga zofunika zokhazokha: chakudya chapsa, madzi atha, mwana akutsokomola. Tsiku lachitatu anayesa kunena kuti tikaganiza bwino, wolakwa weniweni ndi wa minibasi uja. Ndinanyamuka n'kukakhala pakhonde. Tsiku lachisanu anapepesa bwinobwino, popanda mawu oti koma, ndipo anabwera ndi kapaketi ka mafyuzi a mitundu yonse, okwanira magalimoto a mu Chelstone monse.

Galimoto itabwera kuchokera kwa owongola magalimoto, ndinakhazikitsa lamulo. M'mawa uliwonse ndisanatuluke pageti, amuna anga aziima kumbuyo, ine ndiziponda mabuleki, iwo azinena ngati ayaka. Sabata yoyamba ankatuluka msanga, ankachita kuwerama n'kuona nyali iliyonse payokha. Sabata yachiwiri ankatuluka ndi mswachi kukamwa. Aneba athu ankaganiza kuti ndi chikondi, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nafe anakadandaula kwa amuna ake kuti iwo samuperekeza chotero.

M'mawa wina, mwezi usanathe, ndinayang'ana pa galasi loonera kumbuyo ndisanaponde chilichonse. Amuna anga anali ataima pamalo pawo, maso ali pa foni. Phazi langa linali lidakali pansi pamene ndinawamva akunena kuti ayaka. Ndinatsitsa galasi n'kuwauza kuti sindinaponde. Anati ndiye pondani, ndikuona tsopano.

Kuyambira tsiku limenelo ndimaimika galimoto chobwerera m'mbuyo, buti itayandikira khoma la nyumba. Ndikaponda mabuleki khomalo limafiira mbali zonse ziwiri, ndimaona ndekha pa galasi, n'kunyamuka. Iwo anafunsa ngati ndiye kuti ntchito yawo ija yatha. Ndinati yatha, koma kabokosi kaja ndinakamata ndi tepi yakuda, ndipo Lolemba lililonse ndimayamba ndaona ngati tepiyo sinamatulidwe.